Zimbale M'munda wa Mpendadzuwa

Ndinaganiza zopita ku Lusaka chaka chimene tinaika adada m'manda. Fodya sanagulike bwino, ndipo m'nyumba mwathu ku Chikomeni munangoti zii. Amama, amene kale ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi, anasiyiratu kuimba. Ndinkaopa kuti chisoni chiwalanda ndi chikhulupiriro chomwe.

Ku Lusaka ndinapeza ntchito m'kashopu ka makompyuta. Malipiro ankathera pa lendi ndi kapenta; zotumiza kumudzi zinali zochititsa manyazi. Lamlungu ndinkapemphera pakati pa anthu osandidziwa ngakhale dzina, n'kumakumbukira akapolo aja a m'Malemba amene anapachika azeze awo m'mitengo, nyimbo zitawakanika ku dziko la eni.

Mwini shopu anandiphunzitsa kugula nyimbo pa intaneti ndi kuzibena, ndiko kuti kuzijambulira, pa chimbale. Anandichenjeza kuti ndisamapanikize zambiri pamodzi, chifukwa wailesi yakale ngati imene anasiya adada ingakane. Ndinkagula imodziimodzi, za Chitumbuka, zimene adada ankaimba ndi besi yawo ija. Ndikabena, ndinkalemba mitu yake pamwamba, kupempherera chimbalecho, n'kupatsira kondakitala wa basi ya ku Lundazi.

Ndikafunsa pa foni, amama ankangoti, "Zafika, mwana wane. Koma ukudya?"

Shopu itatsekedwa ndinabwerera kwathu. Ndisanafike pakhomo ndinaona zinthu zikung'anima m'munda wathu wa mpendadzuwa. Zimbale zanga! Zinali zomangidwa ndi luzi pa timitengo, zikuzungulira ndi mphepo, kuopseza mbalame. Ndinati azeze aja apachikidwadi.

Amama anatulukira m'mizere, khasu lili paphewa. Ndinaiwala ndi moni yemwe.

"Amama, nyimbo za Mulungu mwapatsa mpheta?"

Anaseka mpaka kutsamira khasu. "Iwe Tiyezge, zinakalikakalika zonsezi! Azimayi a mpingo amabwera Lachinayi, timasonkherana mabatire, n'kuliza mpaka chimbale chiyambe chibwibwi. Chikafika apo, nyimbo zili kale m'kamwa. Nanga nditaye chochokera kwa mwana wanga? Chigwireko ntchito ina."

Anagwira chimodzi, n'kuyang'ana zolemba zanga zofufutika ndi dzuwa. "Ichi n'cha adada ako."

Pomwepo anayambitsa nyimbo, mawu aja amene ndinayesa anaikidwa pamodzi ndi adada. M'munda woyandikana mayi wina anavomera, kenako winanso chakumtsinje. Ine ndinaima chikwama chili kumsana, kufunafuna besi ya adada pakhosi panga, mpaka ndinaipeza.