Kapeti ya Mayi Amene Anamwalira Kalekale

Mumsika wa makapeti ku Shiraz, m'dziko la Iran, Khodadad analibe sitolo. Chuma chake chinali mphuno ndi chala chachikulu. Munthu akafuna kudziwa ngati kapeti ya ubweya wa nkhosa ndi yakaledi, kapena ndi zija amaziyala panjira kuti mapazi a anthu azikalambitse, ankaitana iyeyu. Mkuluyu ankaitembenuza n'kuwerenga mfundo kumsana kwake, n'kuzula kaulusi, n'kukatentha kuti amve fungo. Zaka makumi atatu osaphonyako, ankatero mwini wake, ndipo poti ankanena mokweza, anthu anangovomera.

Tsiku lina Esfandiar, wamalonda wanjiru, anayala kapeti yofiira pamaso pa khamu.

"Akuti maso anu anatha, akuluakulu. Tatiuzani, iyi ndi ya liti?"

Apa dzina la Khodadad linali pa mpeni. Anagwada, nanunkhiza, nasisita. Pakati pa kapetiyo kufiira kunasintha pang'ono.

"Mukuona apa? Ulusi woyamba unamuthera, ananyika wina mu utoto wa mizu. Fakitale siichita zimenezi. Awa ndi manja a mayi wa abusa oyendayenda okhala m'mahema, zaka makumi asanu ndi anayi zapitazo. Akazi otere anatha, achimwene! Atsalawa ndi ongodziwa kuwiritsa tiyi."

Anthu anati ee, katswiri ndi katswiri basi. Nayenso matamando atamulowa m'mutu, anaigula yekha pa mtengo umene anatchula yekha, mtengo woti n'kugula nkhosa khola lonse. Nzeru zimenezo!

Kunyumba anaiyala monyada. Mkazi wake, Zarrintaj, anaiyang'ana kamodzi, n'kukhala pansi.

"Bambo ake a Shahin, mwaigula zingati?"

"Zimenezi si za akazi. Vula masilipasiwo usanapondepo."

"Ndivule? Inu mwaiponda zaka makumi atatu ndi zisanu osavula kanthu. Ndinaluka ndine, chaka chimene munandikwatira. Pamene kufiira kwasinthapo ndi pomwe munakana kundigulira ulusi, ndinakapempha kwa azakhali. Inali pakhomo la kukhitchini. Mwezi watha munati ndichotse chisanza chimenechi, ndiye ndinagulitsa kwa Esfandiar, n'kugula ketulo."

Khodadad zinamupweteka, inde, koma osati poti anapeputsa mkazi wake moyo wonse, ayi. Chinkamudya n'chakuti mwina Esfandiar akudziwa amene anailuka.

"Kodi unamuuza kuti ndiwe unaluka?"

"Sanandifunse. Amuna mumafunsa?"

Mkuluyo anapumira m'mwamba. Dzina lapulumuka!

Lero kapetiyo ili pakhoma, palibe wololedwa kuikhudza. Alendo akabwera, Khodadad amawaonetsa mfundo zake, misozi ili lengelenge, n'kumati mayi amene analuka anamwalira kalekale, dziko silinamuthokoze. Zarrintaj amawathirira tiyi, n'kufunsa ngati akufuna shuga wina.