Mafuta a njinga m'wailesi ya adada

Adada anga ankakhulupirira mafuta kuposa mankhwala. Njinga ikalira, mafuta. Makina osendera khofi akalimba, mafuta. Amama ankati amaopa kudandaula bondo pamaso pawo, kuopa kuthiridwa nawonso.

Chaka cha referendamu ndinali Folomu 3, koma teremu imeneyo sindinapite kusukulu. Khofi anabereka kwambiri m'munda mwathu, kufupi ndi nkhalango ya Mughese, ndipo adada anati manja akuchepa. "Uthyole kaye khofi, sukulu siithawa." Mawu amenewo ndinkawadziwa. Mkulu wanga anauzidwa omwewo, ndipo pofika chaka chimenecho anali ndi mwana kumsana. Ndinkathyola khofiyo ndili ndi mkwiyo, mpaka nthambi zina ndinkazikhadzula dala.

Wailesi yodalirika m'mudzi monse inali yathu, chiwailesi chamakedzana chimene adada anabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Zambia. Anthu atavota, aliyense ankadikira zotsatira, ndipo khonde lathu linkadzaza kuyambira m'mawa. Ndiye adada anaona kuti kopotokolera masiteshoni kakulimba. Simungafunse chimene anachita. Anatsegula kumbuyo, natenga kabotolo ka mafuta a njinga, nathira mosaumira.

Kopotokolera kanafewadi, koma wailesi inasiya kulankhula. Pamene pankakhala siteshoni yathu pankangomveka phokoso ngati la mvula pa malata, ndipo kwinakwake kunkamveka Chiswahili chapatali chosadziwika mutu wake. Amalume anati boma latseka wailesi kuti libe mavoti. Wina anati mabatire atha, ndipo anawayanika padzuwa monga tinkachitira. Sizinathandize. Adada anangoyang'ana pansi, manja ali noninoni, nkhope itagwa ndi manyazi.

Ine ndinkadutsa ndi dengu la khofi pamene ndinaona m'kati mwa wailesimo. Munali timapale tachitsulo tolowana ngati zala za manja awiri, koma tosakhudzana, ndipo mafuta ankadontha pakati pake. Ndinakazindikira kachipangizoko nthawi yomweyo. Aphunzitsi athu a sayansi anatipangirapo kotere ndi mapepala onyezimira a m'paketi ya ndudu, n'kutiuza kuti dzina lake ndi kapasita. Magetsi amaunjikana pa timapaleto, ndipo mphamvu yake imakhala mu mpata wa pakatiwo. Ukapotokola, timapale timalowana kwambiri kapena pang'ono, ndipo wailesi imasankha siteshoni. Anatsindikanso kuti chimene waika mu mpatamo chimasintha kuchuluka kwa magetsi osungidwa. Mpweya uli ndi muyeso wake, mafuta ali ndi wake.

Ndinatula dengu, ndinagwada chapatali. "Adada, mundilole ndiyione."

"Iwe? Imeneyi si poto yayi."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Mtima unandiwawa, koma ndinalimba. "Wailesi sinafe, adada. Pakati pa tizitsuloto pamafunika mpweya basi. Mafuta aja akankhira masiteshoni kwina."

Kuuza adada pagulu kuti mafuta awo alakwa kunali kuputa mavu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wa zankhalango, wochokera kum'mwera, amene anabwera panjinga yamoto kudzamvera nawo nkhani. "Mulekeni mwanayu ayese, bambo. Ife akuluakulu tayesa, talephera."

Ndinawapempha bambo a zankhalangowo petulo pang'ono m'kachitini. Ndinachotsa mabatire, ndinatenga nthenga ya nkhuku, n'kuyamba kutsuka kapale kamodzikamodzi. Ndinkasamala kwambiri, chifukwa kapale kamodzi kakanapindika n'kukhudza kanzake, wailesi ikanatheratu, ndipo ine ndikanakalambira m'munda wa khofi. Nditamaliza ndinaiika pathandala loyanikira khofi kuti petulo auluke. Amalume anati tsopano wailesi yasanduka khofi, tidikire ogula.

Dzuwa litapendeka ndinanunkhiza m'katimo, fungo linali litatha. Ndinabwezera mabatire. Ndinapotokola pang'onopang'ono kufika pamene panali kachizindikiro kamene adada anakanda ndi mpeni zaka zambiri zapitazo. Mawu a muulutsi anatuluka pomwepo, omveka bwino kuposa kale.

Zotsatira zitalengezedwa kuti nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri, yapambana, anthu anavina pabwalo mpaka fumbi linabuka. Ndinene zoona, ine za zipani sindinkazilabadira tsiku limenelo. Ndinkanyadira nthenga yanga ya nkhuku, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi. Amalume anayamba kuuza anthu kuti nzeru zimenezi n'zakuchikazi, ndatengera iwo.

Adada sanavine. Anthu atabalalika anandiitana, wailesi ili pamiyendo pawo, akusuzumira timapale tija.

"Za mpweya wakozi, aphunzitsi anakuuzani zonse, panji zatsalako?"

"Zatsala zambiri, adada."

"Zambiri uli?"

"Chaka chino ndi chamawa."

Anatseka kumbuyo kwa wailesi, namanga tizitsulo take mosamala. Khofi anali adakali wofiira m'mitengo, wosathyola, ndipo manja anali ochepabe.

Lolemba m'mawa ndinawapeza panja atamangirira kale sutikesi yanga pakaliyala. Anagwada pambali pa njinga, akudonthezera mafuta patcheni, chifukwa ulendo wa kusukulu unali wautali ndi wamapiri.