Tsiku Limene Sindinatsike Njinga

Kwathu kwa Mbenje palibe amene amatama munthu chifukwa chodziwa njinga. Azimayi amapalasa atavala mapatapata, nkhuni kumbuyo, mwana kumsana. Choncho adokotala atandiuza kuti mimba yakula, magazi akuthamanga, ndiyambe kulimbitsa thupi, ndinati imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Koma njinga yonga ya kabaza sindinaifune. Ine munthu wa mu ofesi ya kuminda ya nzimbe, wovala tayi, ndinkafuna njinga yoti anthu akaiona atembenuke.

Ndinagula ya mpikisano, ya matayala owonda ngati chala, kwa mnzanga wa kuntchito amene ankasamuka. Mapedulo ake anali tizitsulo tofuna nsapato zakezake, zokhala ndi kachitsulo kunsi. Ukaponda, nsapato imakola pa pedulo, ndipo sichoka mpaka utapotolera chidendene kunja. Mnzangayo anandipatsa ndi nsapato zomwe. Anandichenjeza kuti zikuoneka zondithina, natinso ndiyambe ndayeserera kukola ndi kumasula nditagwira khoma. Ndinamuseka. Munthu wokulira panjinga n'kumaphunziranso kutsika?

Loweruka lotsatira ndinalawirira m'mamawa kupita kumudzi kukaona amayi. Kunena zoona, ndinkapita kukaonedwa. Ndinavala kabudula wothina, chisoti ndi magalasi akuda. Ola loyamba zinthu zinayenda, ndinkadutsa a kabaza ngati angoima. Koma dzuwa la kuno kuchigwa silinyengerera munthu. Mapazi anatupa m'nsapato zija, pansi pa zala panayamba kutentha ngati ndaponda khala, kenako zalazo zinachita dzanzi. Ndinkati ndiime ndimasule, koma paliponse panali anthu, ndipo sindinkafuna kuti andione ndikuvutika. Ndinangoti walira mvula walira matope, ndikapumira kwathu.

Nditapatuka pa tala, kutatsala pang'ono kufika, ndinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu. Mwana aliyense kwathu amadziwa kuti pamenepo pali maliro. Wapanjinga amatsika n'kuikankha, wachipewa amavula, mpaka atapitirira masamba a kutsogolo. Azibambo anali atakhala m'mbali mwa msewu, azimayi akuimba pabwalo.

Ndinapotola chidendene chamanja. Sichinamve. Ndinayesa chamanzere, phazi lonse linali ngati la munthu wina. Ndimafuna nditanena kuti panalibe chochita, koma likhala bodza. Ndikanagwira mabuleki n'kugwera pamchenga, njinga ili kumapazi, pamaso pa khamu lonselo. Ndinaziona m'maganizo, kabudula uja ali m'mwamba, ndipo ndinakana. Ndinaweramitsa mutu n'kupalasa mwamphamvu, ndikudalira kuti ndi chisoti ndi magalasi palibe andizindikire. Mdala wina anakweza dzanja. Nyimbo inazizira pang'ono, kenako inapitirira kumbuyo kwanga.

Ndinakaima potsamira mtengo wa masau kuseri kwa nyumba yathu. Ndinasolola mapazi, nsapato n'kutsala zikulendewera pa mapedulo, ndipo ndinalowa pabwalo ndi masokosi, ndikutsimphina. Mlongo wanga anandiuza kuti amayi ali kumaliro kuyambira dzulo. Nditafunsa womwalira, anati ndi bambo aja okonza njinga pamsika.

Bambo athu anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene anandiphunzitsa njinga ndi bambo okonza njingawo. Ankandikweza pa yawo, n'kumathamanga pambuyo atagwira chishalo. Ndikagwa ankandidzutsa, kundisasa mchenga, n'kundikwezanso. Ndimadziwa kuti ndinayenera kubwereka mapatapata n'kubwerera kusiwa nthawi yomweyo. Sindinapite. Ndinauza mlongo wanga kuti mapazi akupweteka, ndipo ankapwetekadi, koma chimene chinandikhazika pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi, anali mantha oti wina anena kuti ndi uyu.

Amayi anafika madzulo atachoka kumanda. Anaona njinga pamtengo paja, anaona chisoti pampando. Sanandipatse moni. Anakhala pamphasa, navula duku, n'kulipinda bwinobwino.

"Anthu amafunsana kuti ameneyu ndi mwana wa yani," anatero. "Akazi a malemu anafunsa ine, poti ndinakhala pafupi nawo. Ndinati sindikumudziwa."

Amayi anga sanama, ngakhale pa zazing'ono. Tsiku limenelo ananama pamaliro, ndipo anakana mwana wawo, chifukwa cha ine. Manyazi amene anandigwira sindinawaonepo. Ndinathamanga kukachotsa nsapato imodzi pa pedulo, ndinalimbana nayo mpaka inamasuka, n'kubwera nayo kudzawaonetsa. Ndinafotokoza za kachitsulo, za chidendene, za dzanzi, ndikulankhula mofulumira ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Ndinati ndikanaima ndikanagwa pamaso pa anthu.

Patapita masiku ndinapeza nsapato zazikulupo pa kaunjika, ndinayeserera pakhoma monga anandiuzira mnzanga uja, ndipo mapazi anasiya kupweteka. Kumasula tsopano ndimatha ngakhale nditatsinzina. Koma ndikaona masamba pamsewu ndimatsikira patali kwambiri, mpaka a kabaza amandidabwa, chifukwa ndimawaonabe amayi pamphasa paja. Madzulo a maliro aja anailandira nsapato ndinawaonetsa ija, anaitembenuza, nakanda kachitsulo kaja ndi chikhadabo. Kenako anaiika pansi.

"Ukanangogwa, mwananga," anatero. "Tikanakudzutsa."