Mpando Wanga Unatengedwa ndi Njinga

Uthenga unabwera ndi bambo wina wa kumudzi kwathu, atayenda m'tchire mpaka mapazi kung'aluka. Anandipeza kuseri kwa chipatala cha ku Chifunde, kumene ndinkagwira ntchito yochapa nsalu za odwala. Moni anangopereka wa patali. Anati amayi anga ali moyo, koma anaponda chisonga pothawa nkhondo ndipo mwendo watupa mpaka m'bondo. Anali mumsasa m'mbali mwa mtsinje, kupitirira Mualadzi, pamodzi ndi anthu ena amene ankakonzeka kuwolokera ku Zambia. Anthuwo anali ndi ana awo oti abereke. Nkhalamba yosayenda panalibe woti n'kuinyamula.

Amayi anatsala kumudzi pamene ine ndi achimwene anga aakulu tinkathawira ku tauni ya Chifunde. Anakana kusiya nkhokwe ndi manda a bambo. Tsiku limenelo ndinakangana nawo mpaka mawu kundithera, pakuti ine pakamwa sipachedwa, ndipo khalidweli ndinatengera iwo omwewo.

Msewu wopita kumpoto unali utafa. Munali mabomba okwirira, ndipo galimoto yomaliza kuyesa kudutsa inali ikadali pomwepo, yakuda ngati mphika. Chimene chinkatifikira ndi kandege ka anthu othandiza, kobweretsa mankhwala, kamene nthawi zina kankapitirira kukatera pa kabwalo kena kufupi ndi Cassacatiza, kumalire a Zambia. Anamwino aakulu a pachipatalapo, bambo ofatsa a imvi, anatipemphera malo awiri pa wailesi yawo. Tikatsika kumeneko tinayenera kulowa m'tchire, kukapeza amayi, n'kuwafikitsa kuchipatala cha tsidya lina la malire. Kuwabereka kumsana sikukanatheka, dera lake ndi la zitunda zokhazokha. Panafunika njinga.

Njinga zinalipo ziwiri. Ya achimwene inali yakuda, yolemera, imene anagula akugwira ntchito ya fodya ku Malawi. Kumbuyo kwake anawotcherera kaliyala wamkulu wachitsulo woti azinyamulira matumba. Nkhondo itafika anaikulunga mumphasa n'kuikwirira m'munda, chifukwa anthu a mfuti akapeza njinga ankatenga ndi mwini wake yemwe kuti aziwakankhira katundu. Inagona pansi dzinja lathunthu. Ataifukula inayendabe, ngakhale inkalira m'malo onse.

Inayo inasiyidwa pachipatala ndi dokotala wina wachizungu. Inali yofiira, ya matayala onenepa a manomano, yopangidwira kukwera mapiri, yopepuka moti ine ndinkaikweza ndi dzanja limodzi. Mawilo ake ankachoka ukangotembenuza kachitsulo, popanda chomasulira. Kumbuyo kwake kunalibe kanthu, tayala lokha. Anamwino anati tikhoza kuibwereka, ndipo tinakankhira zonse ziwiri kubwalo la ndege kuti woyendetsa ndege akanene yekha imene ingalowe.

Ine ndinali ndi kamtolo kanga: sopo, zitenje ziwiri, mafuta odzola ndi kambale kosambira. Ulendowu unali wanga kuposa wa achimwene, ndimo mmene ndinkaonera. Mwana wamwamuna sasambitsa amayi ake. Sawavula, sawaperekeza kuthengo, ngakhale atadwala chotani. Ndinkadziwa kuti amayi angalole kuwola m'nsalu zawo kusiyana n'kuti mwana wawo wamwamuna awaone. Chinkandipweteka kwambiri chinali chimenecho, kuposa mwendowo.

Kandegeko kanatera dzuwa litakwera pang'ono, fumbi lili koboo. Asilikali olondera bwalo anamwazikana m'maudzu, mfuti zitaloza kumapiri. Woyendetsa anali mzungu wamtali wopsa ndi dzuwa, wolankhula Chipwitikizi chothyokathyoka, ndipo anamwino ndiwo ankatimasulira. Makatoni a mankhwala akutsitsidwa, iye anayang'ana njinga ziwirizo, n'kuloza yofiira. Anaichotsa mawilo mwakanthawi kochepa, ngati akubudula nsawa. Kenaka analoza yakuda, n'kuchita chizindikiro choti nayonso ichotsedwe mawilo.

Achimwene anagwada ndi chomasulira chawo. Manati omangira mawilo anali atamangana ndi dzimbiri la m'nthaka muja. Anathirapo palafini, anamenya ndi mwala, anaponda chomasuliracho ndi phazi. Chinaterereka n'kuwasenda zala, magazi n'kuyamba kudontha pa sipoko. Natiyo sinasunthe n'komwe.

Kuseri kwa phiri kunamveka kugunda, ngati munthu akusinja kutali. Kunagundanso. Asilikali aja anagona chafufumimba. Woyendetsa anayang'ana wotchi yake n'kuyamba kulankhula mofulumira.

"Akuti chonchi," anatero anamwino. "Yofiirayi ilowa kumbuyo kwa makatoni, nonse awiri mukwera. Yakudayi ilowa yathunthu pokhapokha achotse mpando umodzi. Zikatero akwera munthu mmodzi. Ndipo akuti sadikira."

"Ndiye tikuchedweranji?" ndinatero. "Yofiirayo!"

Achimwene sanadzuke pomwe anagwada. "Amayi akakhala pati, mlongo?"

"Pa chitsulo chapakatichi. Tikapindapo chitenje."

"Bwezerani mawilo a yofiirayo," achimwene anawauza anamwino. "Akhalepo iyeyu tione."

Ndinapinda chitenje, ndinakhalapo chammbali, mwendo umodzi nditauwongola ngati wotupa. Chitsulocho chinali chopendekera kumbuyo, moti ndinayamba kutsetsereka njinga isanayende. Achimwene atakankha, wilo lakutsogolo linandikhula pa msongolo. Ndinasamukira pa chishalo, kanthu kowonda ndi kolimba, kotalikira kumwamba. Ndinagwira mapewa awo, koma pa chitsinde choyamba cha udzu ndinapezeka ndili pansi, fumbi m'kamwa. Msilikali wina anaseka ali chigonere. Ine ndinali ndi miyendo iwiri yabwino ndi manja amphamvu a munthu wochapa, ndipo pamalopo panali posalala.

Ndinadzuka nditapsa mtima. "Ndipita ndekha ndi yakudayo. Inu mutsale."

Koma ndinadziwa ndekha kuti sizikanatheka. Njira za m'tchiremo ankazidziwa ndi iwo. Njinga imeneyo ndinali nditaikankhapo yopanda kanthu n'kupuma kawiri pa kachitunda ka kumsika.

Pamenepo ndinawatembenukira. Ndinawanena kuti munthu wanzeru akanadzoza mafuta pa manati asanakwirire. Ndinati njingayo akhala akuisamala kuposa akazi awo, koma tsiku limodzi lokha limene ikufunika yakanika kugonja. Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe. Anthu otsitsa makatoni anaima n'kumandiyang'ana. Kuphiri kunagundanso, pafupiko tsopano, ndipo woyendetsa anakwera pa mpando wake.

Achimwene anapukuta zala zawo pa kabudula. "Mlongo, sankha iwe. Ukati yofiira, tikwera yofiira, ndipo sindidzakunena."

Ndikanakonda akanandikalipira. Ndinayang'ana kaliyala uja, wotakata, woti munthu n'kukhalapo ndi pilo, mwendo n'kuumangirira pa thabwa. Ndinayang'ana tayala lopanda kanthu la njinga yofiira. Ndi yofiirayo ndikanafika kwa amayi, ndikanawasambitsa, ndikanawadzoza mafuta, kenaka tonse atatu tikanakhala m'mbali mwa mtsinjewo kudikira amene angayambe kutipeza. Ndinaziona bwinobwino, ndipo ndinadana ndi njinga yakudayo ndi mtima wanga wonse.

"Chotsani mpandowo," ndinatero.

Anaumasula msanga n'kuuponya pa udzu. Njingayo inavuta kulowa pakhomo. Anaipendeketsa, anapinda chiwongolero, pedulo imodzi inakanda utoto wa ndege mzungu n'kutukwana m'chinenero chake. Ndinawapatsa achimwene kamtolo kaja. Ndinawauza kuti akapemphe mayi aliyense wa pamsasapo kuti awasambitse amayi, akamupatse chitenje chimodzi ngati kuthokoza. Ndinafuna kuwonjezera mawu oti akawauze amayi, koma injini inali italira kale ndipo sanandimve.

Ndinakhala pa mpando wa ndege uja, pakati pa bwalo. Kandegeko kanathamanga, kananyamuka movutikira, n'kukhota kupewa phiri. Anamwino anandigwira paphewa n'kunena kuti tichoke poyera. Njinga yofiira ndinaikankha ndine pobwerera kuchipatala. Masana ake ndinachapa nsalu monga mwa masiku onse, ndikulira.

Panapita miyezi ndisanamve kanthu. Kenaka wina wochokera kumalire anati anawaona amayi ku msasa wa othawa nkhondo ku Zambia, akuyenda ndi ndodo. Mwendo sanaudule. Ndinavina ndekha kuseri kwa chipatala. Koma msewu sunatseguke, ndipo malo m'kandege kaja sanapezekenso. Amayi anamwalira ndi chifuwa dzinja lotsiriza la nkhondo, n'kuikidwa komweko.

Achimwene anabwerera mtendere utafika. Tinakhala pakhonde, ndipo ndinawafunsa za ulendo uja, chilichonse, ngakhale zazing'ono. Anandiuza za zitunda, za unyolo umene unaduka iwo n'kuulumikiza ndi waya, za mayi wina wachifundo amene anawasambitsa amayi.

"Amayi anakana kukwera njinga," anatero. "Anati sachoka mpaka iwe ufike. Anthu ena onse anali atanyamuka kale. Ndiye ndinawauza kuti uli m'mbuyomu, ukubwera wapansi."

"Anakhulupirira?"

"Anakwera. Koma pamwamba pa chitunda chilichonse ankandigwira malaya, n'kunena kuti ima kaye, mwana uja atipeze. Ndinkaima. Ankayang'ana njira imene tadzera mpaka ine nditapuma, kenaka ankati tiye, atipeza patsogolopo."