Phazi la Nyalugwe pa Mtapo

Fungo la dothi lonyowa la mtapo likandifika m'mphuno, ndimabwerera kwathu kwa Makhuwira, chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 3. Amayi ankaumba mbiya ndi miphika, ndipo dothi lawo ankakumba m'mbali mwa kamtsinje kodutsa m'nkhalango ya kuseri kwa mudzi. Nkhalangoyo inali itangotsala kachigamba. Chaka ndi chaka anthu ankaigwetsa pofuna minda ya thonje, ndipo chaka chimenecho nkhwangwa zinkamveka uli pamtapo pomwe.

M'mawa wina amayi anandituma kukatapa dothi. M'nkhalango munali mozizira bwino, koma anyani aphokoso aja anali zii. Nditawerama kuti ndiyambe kukumba, ndinamva ngati wina akundiyang'ana. Kutsidya kwa kamtsinjeko, pachithaphwi, panali nyalugwe. Anadzutsa mutu madzi akudontha kukamwa, n'kundiyang'ana ngati munthu wotopa, kenako anatembenuka n'kulowa m'ziyangoyango mosafulumira. Ine beseni ndinalisiya pomwepo, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Kumudzi anandiseka. Amalume a Zuze, amene ankatsogolera odula mitengo aja, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Nyalugwe kuno? Nkhabe, kulibe. Anatha ine ndisanamere ndevu. Waona vumbwe iwe." Pofika madzulo anzanga anali atandipatsa dzina loti Nabodza. Zinandiwawa zedi, moti ndinayamba kukana kupita kumjigo.

Amayi okha sanaseke. Mawa lake anatenga chikwanje ndi lichero, n'kundiuza kuti nditsogole. Pachithaphwi paja tinapeza phazi limodzi lodindika bwinobwino m'dothi, lalikulu kuposa chikhatho changa. Anagwada n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Ona, mwanawe," anatero. "Galu ndi fisi amasiya zikhadabo. Uyu zake amabisa." Anacheka dothilo mozungulira, analinyamula mosamala ngati dzira, n'kuliika m'lichero.

Masabata awiri phazilo linakhala pansi pa nkhokwe, litavundikiridwa ndi masamba a nthochi, chifukwa dothi louma mofulumira limang'aluka. Ine ndiye ndinali mlonda wake. Nkhuku zinandidziwa chaka chimenecho. Masana dzuwa linkaotcha mpaka mchenga kumatentha mapazi, ndipo utsi wa mitengo yogwetsedwa unkafika pakhonde, maso kumayabwa.

Tsiku lowotcha miphika, amayi anaika phazilo pakati penipeni, n'kuunjika makungwa ndi nkhuni pamwamba. Ndinkadziwa kuti likasweka, ndikhala Nabodza mpaka kukwatiwa. Moto utakolera, chinthu china chinaphulika m'katimo, ine misozi n'kulengeza. Phulusa litazizira amayi anafukula ndi ndodo. Chophulika chija kanali kamphika ka ndiwo. Phazi linatuluka lathunthu, lofiira, lili ndi banga lakuda pambali.

Ndinalinyamula ndekha mpaka kwa amalume, ana onse akunditsatira. Iwo analiika pachikhatho, n'kulowetsa chala m'timaenje ta zala zake zinayi. "Mwanawe, sunaname," anatero pomaliza. Tsiku limenelo ndinapita kumjigo kanayi, ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Mvula isanagwe, kachigamba ka nkhalango kaja kanapsa konse, ndipo chaka chotsatira panali thonje loyera mbee. Nyalugwe uja palibe anamuonanso. Anyani nawo anakwera kumapiri, kamtsinje kanadzaza mchenga, ndipo amayi anayamba kukatapa dothi kutali.

Phazilo ndikadali nalo. Adzukulu anga akamakana kuti kwathu kunali nyalugwe, ndimalitulutsa m'kabati, ndipo amalowetsa chala m'timaenje tija ngati amalume aja. Ndimawanyadira amayi, mayi wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Nthawi ijayi ndinkati anavutika chonchija kuti anthu asiye kunditcha wabodza. Lero ndimakumbukira mmene anagwadira pachithaphwi paja, nkhwangwa zikulira kumbuyo kwawo, ndipo ndimadziwa kuti wofunika mboni sindinali ine ndekha.