Chikho Chofesera cha a Ignasio

A Ignasio anafika kwa Ndamera chaka chimene anthu ankathawa nkhondo m'dziko la Apwitikizi. Anabwera atasenza mphasa ndi khasu, mkazi wawo Priska ali pambuyo ndi khanda kumsana, dzina lake Juliana. A Ignasio anali munthu wamfupi, wosathamangira kuyankhula. Anapatsidwa malo cha kumtunda, nayamba kulima chitowe ndi mchewere, chilimwe n'kumatchera miono m'dambo.

Ndi m'dambomo mmene ng'ona inawalanda zala ziwiri zapakati za kudzanja lamanja. Bala linapola, khasu ankagwira bwinobwino. Vuto linaonekera pofesa. Chitowe ndi kambewu kakang'ono, choncho akatapa m'lichero, theka linkathawira pampata paja asanawaze n'komwe. Atayesa dzanja lamanzere, mbewu inkalowera kumene yafuna yokha. Chaka chimenecho munda wawo unamera ngati mutu wa munthu wachipere, apa pothithikana, apo dazi.

A Sebastiano, mnansi wawo wamtali ngati mgwalangwa, anaima m'malire n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Shamwali, kodi munafesa, kapena munagwa ndi lichero?"

A Ignasio atafika kunyumba anatenga chikho cha mkazi wawo, naika msomali pamoto, n'kuboola mabowo pansi pake. Anathiramo chitowe, nayenda pabwalo akugwedeza. Mapazi khumi asanakwane, chikho chinali gwaa, chopanda kanthu. Anamata mabowo ena ndi phula, koma tsopano sichinkatulutsa n'komwe. Anatenga chikho china.

Patapita masiku anazindikira kuti chitowe chimafuna mnzake woyenda naye. Anakatapa mchenga wouma kumtsinje, nausefa, n'kumasakaniza: chigoba cha nkhono chimodzi cha chitowe, zigoba zisanu za mchenga. Ndiye ankayala mphasa zitatu motsatizana pabwalo, n'kudutsa m'mbali mwake akugwedeza chikho, kenaka n'kugwada ndi kaudzu m'manja kuwerenga njere zimene zagwera pa mphasa iliyonse. Nkhuku za m'mudzi wonse zinaidziwa ntchito imeneyi. Zikangoona mphasa zikuyalidwa zinkabwera chothamanga, ndipo kawirikawiri zinkamaliza kuwerenga iwo asanafike pakati.

Chikho chachisanu chitabooledwa, a Priska anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Juliana, madzi tizimwera m'manja tsopano?"

"Inu mungathe," anatero a Ignasio osadzutsa mutu. "Ine langa limadontha."

A Priska anafuna kukalipa, koma kuseka kunawapeza msanga, nabwerera m'nyumba.

Chimene chinawasowetsa mtendere a Ignasio n'chakuti chikho chomwecho, mabowo omwewo, m'mawa chinkagwetsa njere zochepa, masana zambiri. Anachitembenuza uku ndi uku, anachinunkhiza, mpaka tsiku lina a Priska ali pamtondo anangoti, "Mukadya mumayenda ngati bakha." Apo m'pamene anadziwa kuti wolakwa si chikho, koma miyendo. Kuyambira pamenepo ankafesa akuimba nyimbo yopalasira bwato ya kwawo ku Zambezi, phazi lililonse likutera pamene nkhafi ikanalowa m'madzi. Mawu awo sanali oimbira, koma chitowe chinamera chofanana kuyambira kumsewu mpaka kuchulu.

A Sebastiano ataona zimenezi anabwera kudzabwereka chikho. Mvula yotsatira, munda wawo unamera patalipatali ngati mano a nkhalamba, ndipo anabwera nacho chikhocho atachigwira ndi zala ziwiri.

"Mwandipatsa chaumbombo. Chabwino chija munabisa."

"Nkhabe," anakana a Ignasio m'Chisena. "Tayendani apa ndikuoneni."

Anayala mphasa zija, ndipo a Sebastiano, munthu wa ndevu zake, anayendetsedwa uku ndi uko pamaso pa amayi amene ankasinja. Pamene a Ignasio ankaponda kakhumi ndi kamodzi, iwo ankaponda kasanu ndi kawiri basi. A Ignasio anawaboolera chikho chawochawo cha mabowo aakulu, nawauza kuti asadzachibwereketse kwa munthu wamfupi.

Mbiri inafika mpaka kwa Nyachikadza. Anthu ankabwera ndi zikho zawo, ena za mchewere, ena za mpunga, ndipo aliyense ankayamba wayenda pamphasa. A Ignasio anazolowera moti akakumana ndi munthu ankayamba kuyang'ana miyendo, nkhope pambuyo. Ngakhale Lamulungu popita kukapemphera ankatsalira m'mbuyo dala, n'kumanong'oneza mkazi wawo kuti uyo ndi wa mabowo anayi, uyo asanu ndi limodzi.

Amene anawagonjetsa ndi a Clotilda, mayi wamasiye amene munda wake unali m'mbali mwa njira ya kuchitsime. Mayiyu ankayenda bwino ndithu, koma sankalola munthu kudutsa osamufunsa za kunyumba, za mbuzi, ndi za mwendo wa apongozi ake, chikho chili chigwedezere. Paliponse pamene anacheza pankamera chitowe cha mtolo. A Ignasio anaganiza masiku awiri, kenaka anati, "Mayi, bowo la vuto lanu silili pachikho. Muzifesa anthu asanayambe kutunga madzi."

A Priska okha sanachigwirepo chikhocho. Chigawo chawo cha munda ankafesa ndi dzanja, monga anawaphunzitsira amayi awo, osaimba, osawerenga. Chaka china chitowe chitachita maluwa, anaitana amuna awo.

"Inu odziwa, tandilozerani pamene pathera chikho chanu n'kuyambira dzanja langa."

A Ignasio anayenda mundawo kutsika ndi kukwera, anagwada, anasuzumira m'mapesi, kenaka analoza molimba mtima pafupi ndi mtengo wa msawu. Anaphonya ndi mapazi makumi awiri, ndipo mbali imene anaiyamikira kuti yamera mwadongosolo inali ya mkazi wawo.

A Priska sanawatsutse pamundapo. Anakaifotokoza nkhaniyo kuchitsime kwa a Clotilda, ndipo dzuwa lisanapendeke inali itafika kwa a Sebastiano, amene anavala malaya awo a Lamulungu kudzafunsa ngati n'zoona. A Ignasio anavomera kuti analoza polakwika. Koma anaonjeza kuti tsiku limene a Priska ankafesa kunalibe mphepo, ndipo mawu amenewo sanawasinthe mpaka ukalamba wawo.