Hamala ya Mphira Wofiira

Hamala ya atate inali yobenthuka ngodya imodzi, ngati dzino la munthu wokonda kutafuna mafupa. Mpini wake tinaukulunga tonse awiri ndi mphira wofiira wa chubu cha njinga, iwo akukoka, ine nditagwira kunsonga mpaka zala kuchita dzanzi. M'komboni yathu ya Kanyama anthu onse ankakulunga ndi mphira wakuda, koma atate ankati ndi wofiira munthu satuluka matuza m'manja. Lero ndikudziwa kuti ankangondiseka. Chubu chofiiracho n'chimene chinalipo basi.

Inali nthawi imene mafakitale ankatsekedwa motsatizana, azibambo n'kumabwera kunyumba dzuwa lili paliwombo, ovolosi ali m'manja. Atate nawo ntchito itawathera analowa m'gulu la ophwanya miyala. Amuna ankatsikira kudzenje lalikulu kuseri kwa komboni, limene tinkalitcha mgodi, kukagumula zimiyala, akazi n'kumaziswa m'mbali mwa msewu kuti omanga nyumba adzagule. Amayi anali ndi kahamala kawo kakang'ono. Kudzenjeko atate ankagwira ntchito ndi mng'ono wawo, amene ine ndinkawatcha atate aang'ono. Anali munthu wanthabwala, ndipo madzi akadzaza njira ankandinyamula paphewa n'kumanamizira kuterereka kuti ndikuwe. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndinkawakonda kwambiri.

Dzinja limenelo mvula inagwa mopanda chisoni. Kanyama anakhala pathanthwe, madzi salowa pansi, amangoima n'kumakuyang'ana. Zimbudzi zinasefukira, kolera inalowa, aphunzitsi anatiuza kuti tisabwerenso mpaka atatiitana. Chilichonse chinkanunkha klorini ndi zovala zosauma.

Tsiku lina m'mawa atate anamwa tiyi wopanda shuga, n'kuika hamala paphewa, n'kupita. Masana sanabwere kudzadya. Chakumadzulo anyamata ogwira tinsomba anawapeza akuyandama chafufumimba m'madzi a kudzenje. Ine sindinawaone. Chimene ndimakumbuka ndi mfuu ya amayi, ndi mbale imene anaigwetsa ikuzungulira pasimenti osafuna kuima.

Pamaliro palibe amene analira kuposa atate aang'ono. Anagubuduka m'matope mpaka anthu kuwagwira. Atadzuka ndi iwonso amene anayamba kuthamangitsa zonse. "Banagwela m'manzi, ni ngozi," ankatero kwa aliyense wolowa. "Tiike mawa. Ino ni nthawi ya kolela, mutembo siugona."

Mkazi wamasiye salankhula pamaliro. Amakhala pakona, pansi, atafunda chitenje kumutu, achibale a mwamuna n'kumamulankhulira. Koma amayi anavundukula chitenjecho.

"Bamuna banga banakulila ku Luangwa," anatero. "Manzi ya m'chiuno siyangabapaye. Bapimiwe."

Azakhali, mlongo wawo wa atate, anaimirira. "Ufuna bam'ng'ambe monga mbuzi?" Nyumba yonse inawaukira amayi, kupatula amalume, mlongo wawo, amene anachokera ku Matero. Anangovala chipewa n'kupita kupolisi.

Zimene dokotala wopima mitembo anapeza ndinazimva nditakula. M'mapapo mwa atate munalibe madzi, kutanthauza kuti analowa m'dzenjemo atafa kale. Kunkhongo kunali bala lobooka fupa, la ngodya zinayi, koma ngodya imodzi yosatuluka bwino. Munthu anawamenya ndi hamala kuchokera kumbuyo.

Apa ndi pamene pempho la amayi linawatembenukira. Achibale a atate, omwewo amene ankakana kupima, anasanduka mboni zakuthwa. Kodi wogwira hamala tsiku ndi tsiku ndani? Nanga amene anamveka akukangana ndi malemu dzulo lake za kugulitsa nyumba ndani? N'zoona anakangana, ndipo amayi anga mawu awo sabisika, akanong'ona amamveka kumpopi. Titangoika maliro apolisi anabwera n'kuwatenga ali chosavala nsapato. Kahamala kawo sikanagwirizane ndi balalo, koma apolisi anati ndiye kuti anagwiritsa ya mwamuna wawo n'kuiponya m'dzenje, poti hamala ya atate sinkaoneka. Anati adikira madzi aphwe kuti aifunefune, ndipo amayi adikirira kundende. Masiku amenewo chilango cha wopha munthu chinali chingwe.

Ine akuluakulu anandiuza kuti amayi apita kukasaina mapepala. Za hamala palibe anandiuza. Koma ana a m'komboni sasunga mawu. Kumpopi mtsikana wina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bamai bako bazabamangilila." Ndinamumenya ndi chigubu, kenako ndinapita kuseri kwa nyumba kukasanza. Kuyambira pamenepo ndinkagona nditagwira khosi langa.

Atate aang'ono anasamukira m'nyumba mwathu, amvekere akusunga katundu wa malemu, ndipo ine ndinatsala momwemo pamodzi ndi mipando. Amalume anali ndi chipinda chimodzi chodzaza ana, choncho ankangobwera Lamlungu lililonse akatuluka kutchalitchi. Kudzenje lathu atate aang'ono anasiya kupitako, ankati mtima suwalola. M'mawa ankanyamula thumba n'kupita kukaswa miyala kutali, cha ku Chazanga, kumene sankadziwika. Madzulo ankandibweretsera chitumbuwa chokulunga m'pepala, ndipo ndinkadya mpaka kunyambita mafuta.

Loweruka lina ndikusesa, tsache linagunda chinthu cholemera pansi pa bedi. Ndinakoka thumba lija n'kusuzumira. Ndinaona mphira wofiira, ndi mfundo yomwe ija imene ndinaigwira ndi chala atate akumanga. Ndinakhala pansi n'kuikumbatira hamalayo ngati mwana. Kunena zoona, chiyambire maliro ndinali ndisanasangalalepo chotero.

Kenako m'chipindamo munada. Atate aang'ono anali ataima pakhomo, thupi lawo litatseka kuwala. Sanakalipe. Anangoima, mvula ikugogoda pamalata, madzi akudontha kuchokera kuchipewa chawo. Patapita nthawi anabwera n'kunjuta patsogolo panga.

"Waonesa ndani?" anafunsa.

"Kulibe."

"Ni yako iyi. Nakusungila, ukakula uzatenga. Koma ukakamba ku munthu bazakulanda, wamvela?"

Ndinagwedeza mutu. Anaika dzanja kumbuyo kwa khosi langa. Linali lozizira, ine n'kumaganiza kuti ndi mvula.

"Pa Mande tizayenda kumugodi," anatero motsitsa mawu. "Ine na iwe chabe. Nikakugwilile tunsomba."

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake atate aang'ono sanaiponye m'madzi momwe apolisi ankaganizira. Yankho lake amalimvetsa ndi okhawo amene anakhala m'komboni zaka zimenezo. Chitsulo sichinkatayidwa. Msomali wopindika tinkauwongola, waya wa dzimbiri tinkausunga. Hamala yaikulu inali chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo yawo inali itathyoka kalekale, ankabwereka ya atate. Munthu uja anatha kupha mkulu wake, koma kutaya hamala yabwino dzanja lake linakana. Zimandinyansa mpaka lero.

Lamlungu amalume anabwera monga mwa masiku onse. Atate aang'ono, amene nthawi zina ankatisiya n'kupita kukacheza, tsiku limenelo sanasunthe. Anakhala pakhonde pakati pathu akusenda nzimbe ndi mpeni, n'kumandipatsa zidutswa, maso ali pa ine. Chinsinsi chinkanditentha m'kamwa ngati mbatata yamoto. Amalume akandifunsa za kudya, amayankha ndi iwo. Akandifunsa za kugona, amayankhanso ndi iwo.

Dzuwa litapendeka amalume anaimirira. "Mwana aniperekezeko pa basi," anatero.

Mlendo amaperekezedwa, ndipo palibe munthu wamkulu amene angaletse mwana kuperekeza amalume ake popanda anthu kudabwa. Mayi wa nyumba yoyandikana anali pomwepo akuchapa. Atate aang'ono anayang'ana mayiyo, anayang'ana ine, n'kumwetulira ndi milomo yokha. "Usachedwe," anatero.

Tinkadumpha pa njerwa zimene anthu anaika m'madzi, amalume patsogolo, ine pambuyo. Ndinapirira mpaka pa kantini yoyamba. Pamenepo ndinalephera.

"Bamalume, nili na hamala! Ya batate. Koma musauze munthu."

Anaima mwendo umodzi uli m'mwamba, kenako anauponda m'madzi ndi nsapato yawo ya kutchalitchi. Anandifunsa mtundu wa mphira, ndinawauza. Anandifunsa kumene ili, ndinawauza, ndipo poti pakamwa panali patatseguka kale, ndinawonjezera za tinsomba ta mawa. Sindinawaonepo nkhope ya amalume itatuwa chomwecho. Anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka ndinalira, ndipo sitinapite kubasi. Tinapita kupolisi, iwo akuyang'ana m'mbuyo njira yonse.

Apolisi anawapeza atate aang'ono akutuluka ndi thumba lija paphewa. Hamalayo anali ataitsuka ndi sopo ndi mchenga mpaka kuwala, ndipo anaumirira kuti anaitola m'nyumba ngati katundu wa malemu. Koma opima anamasula mphira wofiira uja n'kugulula mpini. M'bowo lolowera mpini, mmene sopo safika, munali magazi ouma ndi timatsitsi. Magaziwo anali a munthu, a gulu lofanana ndi la magazi a atate, ndipo ena anali atalowerera m'nsalu ya thumba la atate aang'ono. Dokotala anali atasunga chidutswa cha fupa la kunkhongo. Ataika nkhope ya hamala pabalalo, inakhala ndendende, mpaka ngodya yobenthuka ija. Atamva zimenezo atate aang'ono anaulula. Ndi iwo amene ankakakamiza atate kugulitsa nyumba kuti agawane, ndipo m'mawa umenewo kudzenje atate anawauza kuti amvera mkazi wawo, nyumba sigulitsidwa.

Amayi anatuluka madzi ataphwa, fumbi litayamba. Anafika kwa amalume ku Matero atameta mpala, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera, atavala chitenje chomwe chija. Sanalire. Anagwada n'kuyamba kundipapasa mikono, nthiti, kenako kunkhongo, pang'onopang'ono, ngati akufunafuna bala. Amalume anali atawauza zonse panjira.

Ine ndinasangalala kuwaona, koma ndinali ndi madandaulo anga amene ndinawasunga nthawi yonseyo. Apolisi anali atandilanda hamala yanga monga momwe atate aang'ono ananenera, ndipo amalume ndinkawaonabe ngati munthu wosasunga chinsinsi. Choncho amayi atangomaliza kundipapasa ndinawafunsa.

"Nanga batate bang'ono bazabwela liti? Bananilonjeza kuti tizayenda kumugodi, ine na beve chabe."

Amayi anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anandikokera pachifuwa n'kundifinya mpaka kupuma kunandivuta, ndipo kulira kumene sanalire pamaliro kapena kundende kunatuluka tsiku limenelo. Ine ndinkangoyang'ana pamwamba pa phewa lawo, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angalire chotero chifukwa cha tinsomba.